Mmene Mungamwere Tiyi Osadziwa Kuti Mwamwa

Yambani usiku. Pogona ikani foni pansi pa pilo kuti m'mawa dzanja likaipeze maso asanatseguke n'komwe. Kuno ku Songani kumacha mwandondomeko yake: amayamba ndi atambala, kenako kuitana kwa kumzikiti, kenako minibasi yoyamba imamveka pamsewu wa M3 ikulowera ku Zomba. Dzuwa likamatuluka cha ku Chilwa limayamba lawalitsa nsonga ya phiri la Malosa, kuwalako n'kumatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kudzafika m'chigwa cha Domasi muno. Zonsezi zikudutseni. Inu khalani pa WhatsApp, muwerenge uthenga wa maliro a munthu amene simukumudziwa, mkangano wa pagulu la mpira, ndi chikumbutso cha msungichuma wa banki m'khonde choti Lachisanu layandikira. Mukamaponda pansi, mtima ukhale utafika kale ku Lachisanuko.

Njira ndikulongosolayi ndinaiyenda ndekha zaka zambiri. Ndikuilemba mwatsatanetsatane chifukwa munthu amene ali m'kati mwake saiona, ndiponso chifukwa nkhani ya tiyi wa m'mawa kwa ine ndi yaikulu. M'makomo ambiri muno ndi nthawi yokhayo imene banja limaonana nkhope kukuwala, anthu asanabalalike: wina kumunda, wina kusukulu, wina pakabaza, wina kukayala tomato pamsika. Mphindi zake sizikwana 20. Palibe chimene ndawonjezera pa zimene ndilembe apa, ndipo amene atsate zonse adzafika kumene ndinafika ine.

Moto muuyatse mwaukali. Makala akakana kugwira musafune tinkhuni touma kapena zitsononkho. Tengani jumbo, muiyatse, muidonthezere pamakalapo. Musadikire kuti utsi wakuda uja uthe. Terekani poto pomwepo, wosavundikira, kuti fungo la pulasitiki likhazikike m'madzimo, ndipo poto wake akhale yemwe uja munaphikira matemba dzulo, wongotsukuluza. M'mwezi wa June, mphepo ya chiperoni ikafika, lowetsani mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene ulibe fungo ngakhale mtundu. Umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi chizungulire, ndipo ukachuluka umapha anthu ali m'tulo. Mutu ukayamba kuwawa, inu muziti ndi malungo.

Za madzi musafunse. Mwana wanu wamkazi amene anadzuka kusanache kukaima pamzere kumjigo musamuyang'ane kumaso. Mungomuuza kuti achotse ndowa panjira.

Masamba musayeze. Ng'ambani paketi ya Chombe ndi mano, khuthulirani m'madzi mmene dzanja lafunira, basi muchokepo. Pitani mukasite malaya, mukasake nsapato, mukakalipire ana za pensulo yotayika. Tiyi safuna nthawi yaitali. Madzi akawira, mphindi 3 mpaka 5 zimakwana kuti fungo ndi mtundu zituluke, ndipo kupitirira apo chimene chimachuluka ndi khambi lija lomanga lilime. Inu musiyeni abwate mpaka ade bii, madzi ataphwera theka.

Pamene mukukhuthula masambawo, maganizo asapite kumene achokera, chifukwa akapita kumeneko dzanja limayamba kusamala. Tiyi anayesedwa koyamba m'dziko muno mu 1878 pa mishoni ya Blantyre, ya mpingo wa ku Scotland womwewo umene unadzatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, kumtunda kwathu kuno. Mu 1891 Henry Brown anayamba kumulima ngati malonda ku Mulanje, ndipo minda inafalikira mpaka ku Thyolo. Ambiri amene anaswa mphanje m'minda imeneyo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, m'masiku owawa a thangata. Mpaka lero tiyi wambiri amathyoledwa ndi manja, masamba awiri ndi kansonga, dengu lili kumsana, makamaka m'miyezi ya mvula pamene zitsamba zikuphukira msanga. Pamafunika makilogalamu oposa 4 a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndipo wochuluka wake amatuluka m'dziko kupita ku South Africa, ku Britain ndi kwina, wina atadzera pamsika wa tiyi wa ku Limbe. Wotsala kuno ndi wochepa. Timasamba tili pachikhatho panuto tinadutsa m'zala za mayi wina amene mvula inamuthera pathupi m'munsi mwa phiri la Mulanje. Zimenezi muziiwale. Paketi yotsalayo muisiye pawindo kukamwa kuli yasa, kuti ikoke chinyontho ndi fungo la sopo.

Khambi lija tsopano mulibise ndi shuga. Musawerenge masupuni. Thirani uku mukuyankha foni, ndipo mukakayika ngati mwathira, thiraninso. A World Health Organization amalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi timasupuni ta tiyi 12, ndipo amati kutsika mpaka theka lake n'kwabwino koposa. M'makapu athu aakulu apulasitiki aja, timasupuni 5 kapena 6 timalowa osaoneka, ndiye dzuwa lisanakwere theka la mlingo wa tsiku lonse latha kale. Sindikunyoza shuga ayi. Kwa mnyamata wa kabaza amene akupalasa chitunda atanyamula thumba la mpunga, shuga ndi nyonga, ndipo shuga wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiridwa vitamini A amene ana amafunika. Tinaona mu 2024, shuga atasowa m'magolosale mtengo n'kukwera, mmene makomo ena anasiyira kutereka madzi a tiyi m'mawa, ana n'kumapita kusukulu m'kamwa muli gwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti chinthu chodula chotero timachithira mochuluka chonchi koma kutsekemera kwake osakumva.

Tsopano tafika pamene ndikufuna kukhalitsa. Tiyi mumumwe akadali moto.

Anganga anga anali ndi kachitidwe kawo. Ankatenga makapu awiri achitsulo, aja opakidwa zoyera okhala ndi mzere wabuluu kumlomo, imodzi itasupuka pansi mpaka kuoneka dzimbiri. Ankatsanula tiyi kuchoka mu ina kupita mu inzake, dzanja likukwera m'mwamba, tiyi akutsika ngati chingwe, nthunzi ikuuluka, osataya ngakhale dontho. Akatero kangapo ankagunditsa kapu patsaya. Ikawaotcha, ankapitiriza. Ikafika pofunda bwino, ankakhala pamkeka, miyendo atawongola, n'kunena Bismillah, n'kumwa ndi dzanja lamanja, kamodzi, n'kuika kapu pansi, n'kuyang'ana kuphiri. Ndikamawafunsa chimene akuona ankati, "Ndikuona ngati kugwa mvula." Nthawi zambiri ankalondola, chifukwa phirilo analiyang'ana m'mawa uliwonse moyo wawo wonse.

Inu musachite zimenezo. Phulani, tsanulani, uzirani kamodzi, gugudizani. Lilime likachita dzanzi, kutentha kukatsika kummero mpaka pachifuwa, muziti ameneyu ndiye tiyi wa anthu akuluakulu, wozizira ndi wa ana. Mawu amenewa ndawamva m'makomo ndi m'matiyirumu kuyambira ndili mwana, ndipo ndimafuna atatha. Mu 2016 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika zakumwa zotentha kupyola madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Mlandu si wa tsamba la tiyi. Ndi kutenthako, kumene kumawaula njira ya chakudya lero, mawa, mkuja, chaka ndi chaka, malo omwewo osapatsidwa mpata wopola. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Madokotala amatchulanso fodya, mowa ndi utsi wa nkhuni, koma pa zonsezi kudikira mphindi zochepa kuti kapu izizireko ndi chinthu chimene sichilira ngakhale tambala. Tiyi wa mkaka amachedwa kuzizira, choncho amafuna kudikira kwambiri. Amene akufuna kulakwitsa bwinobwino asankhe wa mkaka ndipo asadikire.

Musakhale pansi. Imwani chiimire pakhomo, phazi limodzi lili m'nsapato, khutu lili kumsewu kumvetsera kondakitala akukuwa kuti, "Chinamwali, Zomba, awiri otsala!" Foni ikaitana ikani kapu pansi, m'mphepete mwa khonde, pamene mwana wokwawa amadutsa. Ana ambiri amene amapsa amapsera pakhomo pawo, ndi moto wa pamafuwa, phala, madzi osamba kapena tiyi, ndipo kawirikawiri wamkulu amakhala ali pomwepo, maso okha ali kwina. Khungu la khanda ndi lopyapyala; kapu imodzi imakwana kusupula chifuwa chonse. Zikachitika, njira yolakwika imapitirira: pakani dzira laliwisi, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira. Zonsezi zimaipitsa bala. Chofunika ndi madzi ozizira oyera othiridwa pabalapo kwa mphindi 20, kenako kuthamangira kuchipatala, ndipo izi ndazilemba mosazungulira chifukwa pa mwana sindingalole kuti wina andimve molakwa.

Chomwera kuno sichisowa nyengo ikakhala yabwino: mbatata yophika, chinangwa, zitumbuwa, chigumu, mandasi, mkute wa mpunga wa ku sikimu ya Domasi. Chilichonse chimene chilipo chiponyeni m'kamwa osachiyang'ana, kuti masana musakumbuke ngati inali mbatata kapena chinangwa. Mwana wamng'ono mumupatse tiyi m'malo mwa phala. Adzakhuta madzi a shuga n'kusiya kulira, koma m'mimba mulibe kanthu, ndipo khambi la tiyi limalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba, pamene ana ndi amayi oyembekezera ndiwo amavutika kwambiri ndi kuchepa kwa magazi.

Kunyumba kukamachedwa, tulukani osalawira mukamwere m'tiyirumu pamsika. Tiyirumu payokha ndi malo abwino. Benchi ndi imodzi, ketulo yaikulu yakuda ndi mwaye ili pamoto kuyambira m'bandakucha, ndipo pabenchipo amakhalirana akabaza, ogula mbewu, mphunzitsi wa ku Domasi ndi mlonda wochokera kuntchito ya usiku. Munthu amamva pamenepo mtengo wa feteleza, mmene madzi alili ku Chilwa, ndi amene wagonekedwa kuchipatala. Inu valani mahedifoni. Itanitsani wa mkaka ndi theka la buledi, mulipire ndi ndalama ija mayi a kunyumba anapempha ya shuga, ndipo musaganize zoti nthawi yomweyo ana akumwa wopanda kanthu.

Moni muzipereka mukuyenda. "Mwadzuka?" n'kudutsa, yankho likutsatireni kumbuyo. Akuluakulu a kuno akafunsa kuti "Ajimwiche uli?" amaima n'kudikira, chifukwa kwa iwo funsolo ndi lenileni. Munthu angathe kugona bwino n'kudzuka moipa, ndipo m'mawa ndi pamene zimadziwika. Mukaima, mungamve kuti mwana anatsokomola usiku wonse, kapena kuti ufa watsala wa lero lokha. Mukadutsa mwachangu simudzamva chilichonse, ndipo tsiku lanu lidzaoneka lopepuka mpaka madzulo.

Pali njira inanso yolakwika, imene imakopa makamaka ife amene tinapitako kusukulu. Mwina mwawerenga pa intaneti za chimene Azungu amati mindfulness, kutanthauza kukhala ndi mtima wonse pa chimene ukuchita nthawi imeneyo. Gwero lake ndi chiphunzitso cha Chibuda cha ku Asia, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anachilowetsa m'chipatala cha University of Massachusetts pofuna kuthandiza anthu ovutika ndi ululu wosatha komanso nkhawa. Ku Japan kuli mwambo wathunthu wa tiyi umene Sen no Rikyu anaukhazika m'maonekedwe ake odziwika m'zaka za m'ma 1500. Izi ndi zinthu zolemekezeka ndipo zathandiza anthu. Kulakwitsa kwake kuli motere. Ganizani kuti zimafuna kapu yapadera, tiyi wobiriwira wa m'mashopu a ku Blantyre, ndi chipinda chopanda phokoso. Ndiye thamangitsani ana, uzani mayi awo kuti asakuyankhuleni, tsekani chitseko, tsinzinani. Kufunda kwa kapu mudzakumva bwino lomwe m'manja, fungo mudzalimva, mpweya wanu mudzauwerenga. Koma kunja kwa chitseko kudzakhala anthu amene mphindi zomwezo ndi zimene anali nazo zoti akuoneni. Mwambo wa ku Japan uja ndi wa mwininyumba ndi mlendo wake. Tiyi amakonzedwa mosamala chonchija kuti apatsidwe munthu wina. Kwathu kunonso, munthu akadzitsekera ndi kapu yake timagogoda n'kufunsa ngati akudwala.

Ndipo kudekha sikunabwere ndi intaneti. Makolo anatiuza kale chimene chimafunika kuti uone maso a nkhono. Aliyense amene anamangapo Ramadani akudziwa mmene kapu yoyamba ya madzulo imakomera pambali pa futali, mmene kukhosi kumamulandirira tiyi woyamba uja, ndi mmene anthu amakhalira chete kamphindi asanayambe kucheza. Mlimi amene wabwera kumunda dzuwa litakwera, n'kupeza tiyi ndi mbatata zikumudikira pamthunzi, safuna womuphunzitsa kuti aike mtima pakapu. Luso limeneli lili m'makomo mwathu kale. Kuti mulakwitse, likaneni chifukwa choti n'lakumudzi, mudikire tsiku limene mudzapeze nthawi ndi ndalama zochitira lachilendo lija.

Chotsala ndi chimene chinandichititsa kulemba zonsezi.

Atsibweni anga ankadzera kwathu m'mawa uliwonse pochokera kumzikiti, n'kukhala pampando wa ndalema pakhonde, moyang'anana ndi mtengo wa mango. Ankakonda tiyi wongochoka pamoto, ndipo anganga akanakhala moyo akanawalanda kapu n'kuwatsanulira. Tsiku lina m'nyengo yokolola anaviika sikono m'tiyi nthawi yaitali mpaka inayamba kusungunuka, n'kunena kuti, "Mphwanga, masiku ano nsima ikumandiima apa," akuloza pachifuwa. Ine ndinali ndikutumiza ndalama pafoni. Ndinati, "Pepani atsibweni, mwina ndi chilungulira," maso ali pa manambala. Sanabwerezenso. Anthu a msinkhu wawo sanena kawiri za matenda; akanena kamodzi amakhala ataganiza masiku ambiri, ndipo amasankha nthawi imene akuona kuti mwana wawo wakhala pansi. Anasankha nthawi ya tiyi.

Anasiya chinangwa. Kenako anasiya mbatata. Kenako sikono ija ankangoigwira m'manja n'kupatsa adzukulu, iwo n'kumamwa tiyi yekha. Zonsezi zinkachitika pakhonde langa, pamaso panga, m'mawa uliwonse, ine ndili chiimire ndi kapu yanga. Pamene ndinadzazindikira kuti mkanjo wawakulira, miyezi inali itapita, ndipo kuchipatala anatiuza kuti chotupa cha kummero chinali chitakula kale. Kuvutika kumeza ndi chizindikiro chofuna dokotala sabata yomweyo, osati mwezi wamawa. Ndinali ndi njinga, ndinali ndi ndalama ya minibasi, ndinali ndi tsiku lopuma Loweruka lililonse. Mlandu sindikuuika pa tiyi, ndipo sindikuuika pa munthu wina aliyense. Ndikuuika pa m'mawa uja pamene munthu amene anandilera anandiuza chinthu chachikulu ndi mawu ochepa, ine ndili pafupi naye kwambiri moti ndikanatha kumugwira phewa.

Choncho wachikulire wa pakhomo panu akayamba kunena kanthu kapu ili m'manja, yankhani kuti "eya, eya" chala chikuyenda pafoni. Akasiya chomwera pambale, muziti akhuta. Mayi a ana akati, "Bambo, tikambiraneko pang'ono," muwauze kuti madzulo. Minibasi ikaimba hutala kumsewu, siyani kapu pomwe mwaimapo muthamange.

Masana mnzanu wa kuntchito akadzakufunsani ngati munamwa tiyi, mudzayamba mwaganiza kaye. Madzulo pobwera mudzaipeza kapu ija pakhonde, tiyi ali theka, nyerere zitazungulira kumlomo kwake, pafupi ndi mwendo wa mpando wa ndalema.